Oyilo anali wodzadza koma injini inanoka, zomwe zinandichitikira pa msewu wa Nkhotakota

Sabata yatha ndinakwera Sienta ya mnzanga pa Kamuzu Road, tisanafike ndi pa Kaphatenga pomwe ndinaona kaketulo kofiira kaja ka oyilo kakuphethira pa dashibodi. Nditamuuza iye amvekere musadandaule achimwene, oyilo ndathira m'mawa womwe uno. Mtima unandipweteka chifukwa mawu amenewo ndi omwe ndinkayankhula ine mu Okutobala 2024, ndipo anandidyera ndalama zomwe mpaka pano sindinamalize kubweza. Nde ndati ndilembe zonse mmene zinayendera, mwina wina apulumutsa injini yake.

Ine ndimakhala ku Salima, ndimanyamula anthu kuchoka pa Kamuzu Road kupita ku Nkhotakota, tsiku labwino ndimapita kawiri. Galimoto yanga ndi Sienta ya injini ya 1NZ, ija ya 1.5, ndinagula 2022 ndi ndalama za mpunga kuphatikizapo ngongole yomwe mayi a kunyumba anatenga ku banki mkhonde. Ndiye kuti galimotoyi ndi munda wathu, fizi ya ana imachoka momwemo.

Nkhani inayamba mu Ogasiti. Amene mumayenda pa M5 mukudziwa maenje ake, tsiku lina chakumadzulo cha ku Benga ndikuzemba dzenje ndinakagunda mwala ndi kunsi kwa galimoto, nditatsika ndinapeza sampu, beseni la kunsi kwa injini momwe mumakhala oyilo, yapindika ndipo oyilo akudontha m'mbali mwake. Mnyamata wina wa pa tiredingi anandithandiza, anamasula sampu ija nkuiwongola ndi hamala, kenako anapaka silikoni wambiri ndithu, amvekere bigi apa sipadzadonthanso. Zoonadi sipanadonthenso ndipo ndinamuthokoza, ndinamupatsa K15,000. Sindikumunena mnyamatayo ayi, anandithandiza usiku, komanso ine ndinaimirira pomwepo ndikuonerera mpaka kumuuza kuti onjezerani pakona apo. Sampu ya injini imeneyi ilibe gasiketi, imamatidwa ndi silikoni yemweyo, koma amafunika kamzere kakang'ono basi. Ukachulutsa, pomanga mabawuti wotsalayo amafinyikira mkati, ndipo ndi kutentha amadzathothoka nkugwera mu oyilo. Izi ndinazidziwa mochedwa.

Ndivomerenso apa kuti sevisi ndinkachedwetsa. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 oyilo anakwera mtengo kwambiri, nde mmalo mosintha pa makilomita 5,000 ndinkafika 9,000 kapena kupitirira, ndipo kangapo ndinathirako oyilo wa m'mabotolo wogula m'mbali mwa msewu amene sudziwa kuti wachokera kuti.

Kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi ya mizere ya mafuta ija, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, kaketulo kanayamba kuphethira. Poyamba kankangoti phethi nkuzima, makamaka ndikayenda mtunda wautali injini itatentha. Ndinaima, kusolola dipisitiki, kachitsulo koonera mulingo wa oyilo, kupukuta, kubwezera, kusololanso, oyilo ali pa mzere wa pamwamba. Mtima unakhala pansi. Apa mpamene ndinalakwitsa koyamba, ine ndinkaganiza kuti getsi limenelo limanena kuti oyilo wachepa. Ayi ndithu. Limanena kuti pulesha ya oyilo yatsika, kutanthauza kuti oyilo sakukankhidwa mokwanira kupita ku mabering'i, pomwe zitsulo za mu injini zimazungulirapo, ndi kumutu kwa injini. Oyilo akhoza kudzadza mu sampu koma osakwera, ngati madzi ali tho mu chitsime koma m'dimba mbewu zikufota. Ndipo swichi yake, kachipangizo ka pa injini komwe kamamva pulesha, imayatsa getsi pulesha itatsikiratu pansi penipeni, osafika ndi theka la bar (bar ndi muyezo wa pulesha), nde mukaona layaka dziwani kuti zinthu zaipa kale, silichenjeza patali.

Pa siteji aliyense anali ndi maganizo ake. Ambiri amati ndi swichi imeneyo, zimafa izi. Ndipo sikuti amanama, maswichi amafadi, ena amayamba kudontha oyilo pa waya pomwe. Ndinagula ina K18,000, womanga K5,000. Tsiku limenelo getsi silinayake ndipo ndinagona bwino. Mawa lake pobwera, nditangodutsa pa Thavite, phethi phethi kachiwiri.

Kenako wina anati thirani oyilo wolemera, 20W-50, injini yanu yakalamba. Ndinasintha oyilo ndi fyuluta, K55,000. Pokhetsa oyilo wakale ndinaona kuti akutuluka wakuda bii ndipo kumapeto kwake kunatuluka tizibuluma ngati phala losavundula bwino, koma sindinafunse kanthu. Ndikanati ndiike chala mu beseni muja, kapena ndiuze mnyamatayo kuti tsitsa sampu tione, nkhani ikanathera pomwepo. Oyilo wolemera uja anabisa vuto masiku anayi. Amatha kukweza pulesha pang'ono ngati mabering'i atha, koma sakonza chilichonse, ndipo ngati vuto ndi kutsekeka kwa sefa ya mu sampu yomwe pampu imakokerapo oyilo ndiye kuti mwawonjezera mavuto chifukwa pampu imavutika kwambiri kukoka oyilo wolemera pa kampata kakang'ono, makamaka m'mawa injini isanatenthe. Injini ya 1NZ inapangidwira oyilo wopyapyala ngati 5W-30.

Panali wina amene anandiuza kuti ingozulani waya wa swichi, getsi lisamakusokonezeni mutu. Sindinazule, koma zomwe ndinkachita sizinasiyane ndi kuzula, ndinazolowera kuliona. M'mawa poliza galimoto kunkamveka kaphokoso ngati tcheni chikukhuluzika kwa masekondi angapo, ndipo getsi linkachedwa kuzima. Injini yabwinobwino ukatembenuza kiyi getsi limayaka, ikalira limazima pa sekondi imodzi kapena ziwiri. Langa linkatenga mpaka kuwerenga kufika sikisi. Tcheni cha taiming'i cha injini imeneyi chimakungidwa ndi pulesha ya oyilo, VVT-i, yomwe imasintha nthawi yotsegukira mavavu, nayonso imayendera oyilo yemweyo, nde phokosolo inali injini ikundiuza kuti kumwamba oyilo sakufika.

Tsiku lake linali Lachinayi. Ndinanyamula anthu odzadza, kumbuyo matumba awiri ndi katundu wa mayi wina wa geni. Titadutsa pa Mkaika ndikuthamanga mwina 80, getsi linayaka osazimanso. Ndinachotsa phazi pa moto, linazima pang'ono, nditapondanso layaka. Mtima unayamba kugunda. Ndinadziwa kuti ndiyenera kuima, koma tinali pa tchire, dzuwa lili pa liwombo, mu galimoto muli mwana wakhanda, bambo wina akuti adalaiva tatifikitsani pa Chia pokha tikapeze ina. Ndinati pang'onopang'ono ndifika. Sindinayende makilomita atatu, kunsi kunayamba kumveka go go go, phokoso lolemera lotsatira moto, ukaponda likufulumira. Ndinazimitsa pomwepo. Ndinatsika nkusolola dipisitiki, oyilo ali pa mzere wa pamwamba ngati kale, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu manja ali kunjenjemera.

Anthu ndinawabwezera ndalama zawo, ena anakwera minibasi, ena kabaza. Galimoto yondikoka kubwerera ku Salima inandilipiritsa K90,000 chifukwa mafuta ankasowa, dalaivala anachita kugula a m'zigubu. Tinafika usiku. Mayi a kunyumba sanayankhule zambiri, anangofunsa kuti nde Loweruka ku banki mkhonde ndikanena chani, funso limenelo linandisowetsa tulo kuposa phokoso la injini.

Mmawa makaniko amene ndinkapitako nthawi zonse anangomvetsera injini kamphindi nkunena kuti pampu ya oyilo yafa. Sanayeze kanthu. Ine ndi mantha aja ndinavomera, ndinabwereka ndalama nkutumiza kwa msuweni wanga ku Lilongwe kuti akandigulire pampu yakale ku Malangalanga, K150,000. Pa injini imeneyi pampu ili pamodzi ndi chivundikiro cha tcheni cha taiming'i, nde si kanthu kakang'ono, kuisintha ndi ntchito yomasula mbali yonse ya injini. Pampu inatenga masiku atatu kuti ifike.

Chimene chinandipulumutsa kuti ndisatayenso ndalama zina ndi malume anga. Iwo anayendetsa malole zaka zambiri, atamva nkhaniyi anabwera kunyumba amvekere mphwanga, amene wakuuza za pampuyo anaika geji? Ine ndinafunsa kuti geji yanji. Anapukusa mutu nkunditengera kwa madala ena amene amakonzera magalimoto kuseri kwa nyumba yawo pansi pa mtengo wa mango, akale kwambiri pa ntchitoyi.

Madalawo sanafulumire. Anandifunsa mafunso ngati kuchipatala, getsi linayamba liti, limayaka injini ili yozizira kapena yotentha, limayaka ukaima kapena ukamathamanga, unathira oyilo wanji, pali amene anatsegulapo kunsi. Nditatchula za mwala wa ku Benga anangoti ehee, nkuyang'ana malume. Kenako anakhetsa oyilo pang'ono m'kambale koyera nkupita nako padzuwa. Anandiitana, taonani mwana wanga. Mu oyilo muja munali tinthu tonyezimira ngati mchenga wa kunyanja ukamawala. Amvekere awa ndi mabering'i anu.

Atatero anamasula swichi yatsopano ija, pabowo pake nkumangapo geji, kawotchi ka muvi kokhala ndi payipi. Anati tiliza kamphindi kochepa chabe poti yanoka kale, sitikufuna kuwonjezera bala. Italira muvi unakwera mwaulesi kufika cha pa 1 bar oyilo ali wozizira, pomwe injini yabwino yozizira imakankha muvi pamwamba ndithu. Chimene chinandidabwitsa nchakuti atapondako moto pang'ono muvi mmalo mokwera unanjenjemera nkuyamba kutsika. Anazimitsa msanga. Amvekere mwaona? Pampu yotha kapena mabering'i otha okha, pulesha imakhala yochepa ukaima koma ukaponda imakwerako. Iyi ikutsika ukaponda, ndiye kuti pampu ikufuna kumwa koma pakamwa patsekeka. Anandifanizira ndi pampu yothirira ku dimba, payipi yokokera madzi ikatsekeka ndi ndere ngakhale injini ilire bwanji madzi amangotuluka modukizadukiza.

Anandiuzanso manambala, ndinawalemba mu foni. Pa 1NZ injini itatentha bwino, ikungolira payokha osaponda, pulesha isachepere 0.3 bar, ndipo ukaponda mpaka injini izizungulira ka 3,000 pa mphindi (rpm) ikhale pakati pa 1.5 ndi 5.5. Kuyezako kumafunika injini itatentha chifukwa oyilo wozizira ndi wolemera, amanamiza. Kuyeza konseku anandilipiritsa K10,000 ndipo sikunathe ndi mphindi makumi awiri.

Atatsitsa sampu ndinaona ndi maso anga. Pansi pake panali matope akuda okhuthala oti ukhoza kukomba ndi supuni. Sitirena, kasefa kaja kamene kamakhala kukamwa kwa payipi yokokera oyilo, kanali katamatika, tizingwezingwe ta silikoni tofiira titalukana ndi matope aja, malo otseguka otsala osaposa chikhadabo. Komanso sampu ija ngakhale anaiwongola inali idakali yotukuka pakati, inayandikira kwambiri kukamwa kwa sitirena. Zinthu zitatu zinakumana, silikoni, sevisi yochedwa ndi sampu yopindika. Nchifukwa chake getsi linkayaka ndikathamanga nthawi yaitali, zinyalala zinkayamwidwa nkukakamira pa sefa, ndikazimitsa zina zinkagwa pansi nde mawa lake zimaoneka ngati zatha.

Anadulanso fyuluta pakati nkutambasula pepala lake, monse munali tizitsulo tonyezimira. Atamasula mabering'i a makonirodi, zitsulo zolumikiza mapisitoni ndi crankshaft, awiri anali okalikakalika, limodzi la namba 3 linali litadyekeratu, ndipo crankshaft, chitsulo chachikulu chomwe mapisitoni amazungulitsa, pamalo pamenepo inali ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwa. Madala anati mukanaima pa Mkaika pomwe linayaka osazima paja, mwina tikanangosintha mabering'i, mwinanso osasintha kanthu. Makilomita atatu aja ndi amene adya crank. Mawu amenewo anandilowa, ndinachoka kupita kuseri kwa nyumba kukaima ndekha.

Pampu yanga yakale anaitsegula nkuiyeza mipata yake ndi timapepala tachitsulo tija, anayang'ananso kavavu kamene kamatulutsa pulesha ikachuluka ngati sikanakakamire kotsegula, zonse zinali bwino, anangoitsuka. Ndiye kuti pampu ya K150,000 ija inalibe ntchito. Tikanaimanga osatsitsa sampu, ikanakokanso pa sefa yotsekeka yomweyo, komanso mabering'i ali otha. Ndinadzaigulitsa patapita miyezi iwiri pa K90,000.

Apa panali posankha, kugula injini ina yakale kapena kukonza yomweyi. Injini yakale inali yodula kuposa mphamvu zanga, komanso madala anati simudziwa kuti mwini wake ankaisamala bwanji. Tinasankha kukonza. Injini inatsika, crank ndinainyamula ndekha m'thumba pa minibasi kupita nayo ku Lilongwe kwa amene ali ndi makina opala, anaiyeza nkunena kuti ipalidwa mamilimita 0.25, nde mabering'i ayenera kugulidwa a saizi yomweyo. Apa chenjerani, musagule mabering'i crank isanayezedwe, ine ndinatsala pang'ono kugula a sitandadi pa ulendo woyamba womwewo. Anandiuza masiku atatu, inatenga masiku naini, akuti magetsi ankazimazima komanso ntchito inali yambiri. Ndinapita kawiri, thiransipoti K40,000. Kupala K120,000, mabering'i K95,000, magasiketi, masiilo, silikoni, sampu ina, oyilo ndi fyuluta K140,000, madala ntchito yawo K200,000 ndipo anandilola kupereka kawiri.

Chimene ndinaona kwa madala aja pomanga nchakuti nthawi yambiri inathera kutsuka. Tinjira tonse ta oyilo mu buloko ndi mu crank anatsuka ndi parafini nkupopera mpweya, kasefa kakang'ono ka VVT-i nakonso anakatulutsa, kanali kodzadza. Amvekere kachitsulo kamodzi kakatsala umu kadzadya mabering'i atsopanowa sabata imodzi. Ndinawafunsa za mankhwala otsukira injini aja amathira mu oyilo, anati pa injini ya matope ambiri chonchi ndi oopsa, amasungunula zibuluma zonse nthawi imodzi nkukatseka sefa yomweyo, bola kutsitsa sampu nkutsuka ndi manja. Silikoni anapaka kamzere kowonda ngati chingwe cha nsapato, nkudikira kuti agwire asanathire oyilo. Asanalize anazula mawaya a makoyilo nkuzungulitsa injini ndi sitata mpaka muvi wa geji unasuntha, kuti mabering'i atsopano asayambe ntchito ali ouma.

Italira ndinali chiimire maso ali pa geji. Itatentha muvi unakhazikika cha pa 1 bar ikungolira payokha, ataponda kufika 3,000 unakwera kupitirira 3. Malume anandigwira paphewa. Ndinayenda makilomita 1,000 oyamba mosathamanga komanso osadzadzitsa katundu, kenako tinasinthanso oyilo ndi fyuluta.

Ndikawerengera zonse, kuyambira swichi, oyilo wolemera uja, kukoka, zomwe ndinaluza pa pampu mpaka kukonza, zinapitirira K800,000, osawerengera masiku 26 amene galimoto inakhala osagwira ntchito. Madala anandiwerengera kuti ndikanabwera tsiku loyamba lija, geji, kutsitsa sampu, kutsuka sefa ndi oyilo watsopano sizikanafika K100,000. Mwana wathu wamkulu anachedwa kupereka fizi temu imeneyo, mayi a kunyumba anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo ngongole ya msuweni wanga ndikubwezabe pang'onopang'ono.

Panopa getsi limenelo likangoti phethi ndimapatuka nkuzimitsa, kaya muli anthu kaya mulibe. Ndimadikira mphindi zingapo oyilo atsike nkuona dipisitiki galimoto ili pamalo osapendekeka, ndimanunkhizanso ngati sakumveka petulo chifukwa oyilo wosakanikirana ndi petulo amapyapyala nkugwetsa pulesha, ndimasuzumira pansi ngati sakudontha. Akakhala wochepa ndithira nkuona ngati getsi lazima. Akakhala wodzadza ndiye nkhani yakula, sindilizanso mpaka geji ibwere, ndipo ngati pali phokoso lililonse lachilendo galimoto ikokedwe basi. Amene mukugula galimoto yakale, tembenuzani kiyi osaliza muone ngati kaketuloko kakuyaka, kakapanda kuyaka mwina wina anazula waya kapena babu kuti abise vuto.

Mnzanga wa sabata yatha uja poyamba anakana, amati alibe nthawi, tsiku limodzi osagwira ntchito ana adya chani. Ndinamuonetsa zithunzi za sefa yanga ndi bering'i la namba 3 zomwe ndimasunga mu foni, anakhala chete. Loweruka m'mawa tinapita limodzi kwa madala. Anaika geji injini itatentha, muvi unakhala pabwino, ataponda unakwera bwinobwino, oyilo m'kambale munalibe chonyezimira. Yake inalidi swichi, inkadontha oyilo pa pulagi. Analipira K10,000 ya geji ndi K25,000 ya swichi, pofika 10 koloko anali atabwerera pa siteji kukaitanira anthu a ku Dwangwa.